Mpingo wa m'nyumba komanso mtolo wa zomangamanga: ndani akusenza denga?

Amene anapempherapo m'tchalitchi chosatha kumanga amadziwa fungo lake: simenti, fumbi la njerwa ndi zitosi za mileme. Khoma linafika pamwamba pa mawindo zaka zinayi zapitazo, malata anakhomedwa mbali imodzi, mbali inayo mukuona mitambo. Mvula ikayamba pakati pa ulaliki, amayi amanyamula mikeka n'kukathinana kumene kuli denga. Ulaliki ukatha, mlembi amaimirira ndi kabuku kake. Mlaga (kagulu ka Akhristu a dera limodzi) wakuti wakwanitsa, mlaga wakuti watsala ndi zakuti, sabata yamawa kuli Pepa Sande, ndipo banja lililonse libweretse thumba limodzi la simenti mwezi usanathe.

Kabuku kameneko ndikukadziwa, chifukwa ndinakhalapo m'komiti ya chitukuko pa mpingo wathu ndipo manambala ena ndinkalemba ndine. Chimene chinandisautsa mtima si kuchedwa kwa ntchito ayi. Ndi mayi wina wamasiye, wa ana atatu, amene sankajomba kutchalitchi ngakhale kuzizire bwanji. Anayamba kukhala kumbuyo kwenikweni. Kenaka ankatuluka zolengeza zisanayambe. Kenaka sitinamuonenso. Titapita kukamuchezera anatiyalira mphasa pakhonde, natiuza mosabisa kuti kupemphera sanasiye, koma sakanatha kumakhala pabenchi ana ake akumva dzina la mayi wawo likuwerengedwa pamndandanda wa osapereka.

Nkhani zotere ndi zimene zikuchititsa Akhristu ena, kuno ndi kunja komwe, kufunsa ngati tchalitchi n'chofunikadi. Iwo amati mpingo ubwerere m'nyumba za anthu monga unayambira. Sakunena za mapemphero apabanja a madzulo. Akunena za gulu la okhulupirira, mwina 15 kapena 30, amene nyumba ya mmodzi mwa iwo ndiyo malo awo opembedzera: amawerenga Mawu pabalaza, amadya Mgonero pamenepo, ndipo chopereka chawo sichigula njerwa ngakhale imodzi.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi pa mkanganowu, chifukwa chilankhulo chathu chinasiyanitsa kale zinthu ziwirizi. Mpingo ndi anthu, tchalitchi ndi nyumba. Tchalitchi chikhoza kugwa ndi mphepo mpingo n'kutsala. M'zilankhulo zina mawu ndi amodzi, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo. Mawu a Chigiriki amene ali m'Chipangano Chatsopano, ekklesia, amatanthauza msonkhano wa anthu, osati khoma.

Pa mbiri yakale, okonda mipingo ya m'nyumba sakunama. Paulo akupereka moni kwa Priska ndi Akula pamodzi ndi mpingo wa m'nyumba mwawo (Aroma 16:5), kwa Numfa ndi mpingo wa m'nyumba yake (Akolose 4:15), ndi kwa Filemoni chimodzimodzi. Petro atatuluka m'ndende anakagogoda panyumba ya Mariya, amake a Yohane Marko, kumene anthu anasonkhana akupemphera. Mnyamata uja Utiko wa ku Trowa, amene anagona ulaliki uli mkati, anagwa kuchokera pazenera la chipinda chapamwamba. Nyumba yopemphereramo yakale kwambiri imene akatswiri ofukula zakale anaipeza ili ku Dura-Europos, m'mbali mwa mtsinje wa Firate ku Syria. Inali nyumba wamba yokhalamo anthu. Cha m'ma 240 Akhristu anagumula khoma limodzi kuti zipinda ziwiri zikhale chimodzi chokwana anthu 60 kapena 70, ndipo chipinda china anachisandutsa chobatiziramo.

Chimene chimandigwira mtima pa nthawi imeneyo ndi kumene chopereka chinkapita. Vesi limene timaliwerenga pa tsiku la Pepa Sande, lonena kuti Mulungu akonda wopereka mokondwerera (2 Akorinto 9:7), Paulo analilemba posonkhetsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu. Mlembi wina wa Chikhristu, Justin Martyr, pofotokoza mapemphero a Lamulungu cha m'ma 150, ananena kuti zosonkhedwa zinkathandiza ana amasiye, akazi amasiye, odwala, am'ndende ndi alendo. Cha m'ma 251 bishopu Cornelius wa ku Roma analemba kuti mpingo wakumeneko unkasamala amasiye ndi ovutika oposa 1,500. Mayi uja wa pakhonde, akanakhala wa ku Roma nthawi imeneyo, dzina lake likanakhala pamndandanda wa olandira.

Komabe tisakokomeze. Akhristu oyambawo sanakane kumanga chifukwa cha chiphunzitso. Anali ochepa, ndipo chipembedzo chawo sichinali chovomerezeka m'malamulo. Atangopeza kampata anamanga: pamene mfumu Diocletian inayamba chizunzo mu 303, chimodzi mwa zoyamba kugwetsedwa chinali tchalitchi cha mumzinda wa Nicomedia. Chipembedzo chitaloledwa mu 313, mfumu Constantine inamangitsa matchalitchi akuluakulu ndi chuma cha boma, monga cha Lateran ku Roma. Kuyambira pamenepo funso lakuti alipire ndani silinachokenso mu mpingo. Tchalitchi chatsopano cha Petro Woyera ku Roma chinayamba kumangidwa mu 1506 ndipo chinadalitsidwa mu 1626, patatha zaka 120. Zina mwa ndalama zake zinachokera ku makalata ochotsera chilango cha machimo amene wansembe wina, Johann Tetzel, ankalalikira ku Germany. Mfundo ya nambala 86 mwa mfundo 95 za Martin Luther za mu 1517 ikufunsa chifukwa chimene Papa sakumangira tchalitchicho ndi chuma chake m'malo mwa ndalama za okhulupirira osauka. Mpingo wa Katolika womwe unadzaletsa malonda a makalatawo mu 1567, koma Chikhristu cha ku Ulaya chinali chitang'ambika kale. Zifukwa za mng'alu umenewu zinali zambiri, koma kusonkhetsa ndalama za chitukuko kunali pakati penipeni.

Nanga mtolowu umalemera bwanji masiku ano? Anthu ambiri amangowerengera simenti ndi malata, koma ulendo umayambira patali. M'tauni mumayamba ndi kugula puloti ndi kuvomerezetsa pulani kukhonsolo. Pulaniyo kawirikawiri sijambulidwa poyang'ana anthu amene amabwera Lamulungu wamba. Imajambulidwa poyang'ana khamu la pa Khirisimasi, ndiponso, tinene zoona, poyang'ana tchalitchi cha mpingo wina kutsidya kwa msewu. Ndiye mumasonkha pang'onopang'ono m'makwacha, pamene mitengo ya malata, zitsulo ndi simenti ikutsatira dola. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mpingo umene unasunga ndalama za denga kubanki unadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalamazo sizikukwananso denga, ndipo kabuku kanayambiranso patsamba loyamba. N'chifukwa chake zimphona za matchalitchi osatha zili ponseponse, udzu utamera pakhoma.

Kumaliza kumanga nakonso si kupuma. Walira mvula walira matope. Pamabwera mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi, malipiro a mlonda, zokuzira mawu, penti, mpanda, zimbudzi, nyumba ya abusa, chiswe m'matabwa a denga, ndi gawo lopita ku likulu la mpingo. Zonsezi ndi za nyumba imene m'mipingo yambiri imadzaza maola ochepa pa sabata, masiku ena onse ili yokhoma.

Olemera nawonso amagwa nawo mtolowu. Crystal Cathedral ya ku California, tchalitchi cha magalasi okhaokha chimene mbusa Robert Schuller anatsegula mu 1980, mpingo wake unalengeza mu 2010 kuti walephera kubweza ngongole, ndipo nyumbayo inagulidwa ndi dayosizi ya Katolika ya Orange pa madola 57.5 miliyoni. Ku England, mpingo wa Anglican uli ndi matchalitchi pafupifupi 16,000, ambiri mwa iwo akale kwambiri ndi otetezedwa ndi lamulo, moti sungangowakonza mmene wafunira. M'midzi ina yakumeneko okalamba owerengeka ndiwo akuvutika ndi denga la zaka mazanamazana, pamene Amalawi ndi anthu ena a ku Africa okhala m'dzikomo akupemphera m'maholo alendi.

Pali mtengo wina umene sulembedwa m'kabuku, ndipo kwa ine ndiwo woopsa. Akhristu akatopa kusonkha, komiti imayamba kusakasaka mlendo wolemekezeka. Kawirikawiri amakhala wandale, makamaka zisankho zikamayandikira. Amabwera ndi envulopu, amapatsidwa mpando wakutsogolo ndi maikolofoni. Mawa lake akalakwira anthu, mbusa amene akulalikira pansi pa malata ake adzamudzudzula ndi pakamwa pati? Ku Kenya nkhaniyi inafika poti mu Novembala 2024 arkidayosizi ya Nairobi inakana ndalama zimene Pulezidenti William Ruto anapereka pa parishi ina, zomwe zina zinali zomangira nyumba ya ansembe. Kukana kotero n'kosowa, chifukwa mpingo umene khoma lake laima theka umavutika kubweza envulopu. M'kati mwa mpingo momwemo, wopereka matumba 50 a simenti amayamba kulemera mawu kuposa wopereka nkhuku.

Mukamva zonsezi mukhoza kunena kuti basi, tiyeni tonse tibwerere m'nyumba. Umboni wakuti mpingo ungakhale ndi moyo popanda tchalitchi ulipodi. Ku China, pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale chotchedwa Cultural Revolution kuyambira 1966 mpaka 1976, matchalitchi onse anatsekedwa, koma Chikhristu sichinafe. Chinapitirira m'nyumba, ndipo mpaka lero mamiliyoni a Akhristu amapemphera m'mipingo yosalembetsedwa ku boma. Kuno kwathu, a Mboni za Yehova analetsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo amene sanathawire ku Zambia ndi ku Mozambique ankasonkhana mobisa m'timagulu. Mipingo ina ya Apostoli yochokera ku Zimbabwe, monga ya Johane Masowe, imapemphera panja mwadala. Ngakhale mu 2020, Covid-19 itachepetsa chiwerengero cha osonkhana, mabanja ambiri anazindikira kuti pabalaza pamapempherereka.

Koma nkhani ya ku China ili ndi mbali ina. Mpingo wa Shouwang ku Beijing unayambira m'nyumba, unakula kufika anthu pafupifupi 1,000, ndipo mu 2009 unasonkha ndalama n'kugula malo m'nyumba ina yansanjika kuti uzipempheriramo. Makiyi sanaperekedwe chifukwa akuluakulu a boma anatsekereza, ndipo kuyambira mu Epulo 2011 anthuwo anayamba kupemphera panja, apolisi akuwagwira. Anthu amene amatchulidwa kuti ndiwo chitsanzo cha mpingo wa m'nyumba anali kulirira malo awoawo. Mpingo wa m'nyumba ukadalitsika umasefukira, ndipo ukasefukira umayenera kusankha: kugawikana, kuchita lendi, kapena kuumba njerwa.

Ndiponso kunena kuti mpingo wa m'nyumba ndi waulere n'kusaona bwino. Mtengo ulipo, kungoti umagwera munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri ndi mayi wapakhomo. Ndiye amasesa anthu asanabwere, kubwereka mabenchi kwa aneba, kutunga madzi a kuchimbudzi, kuwiritsa tiyi, ndi kukolopa onse akapita. Ngati nyumbayo ndi yalendi, ndiye amakumana ndi alandilodi akamadandaula za phokoso. M'makomboni mwathu, momwe banja la anthu asanu ndi mmodzi limakhala m'zipinda ziwiri, nyumba yokwana anthu 20 ndi ya munthu wopezako bwino. Pamenepo vuto lomwe tinkalithawa lija latipeza: mwini nyumba ndiye mwini mawu. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Mlendo sangatsutse chiphunzitso cha munthu amene wakhala pampando wake ndi kumwa tiyi wake. Vutoli ndi lakale. Ku Korinto olemera ankayamba kudya osauka asanafike, mpaka Paulo anawakalipira (1 Akorinto 11), ndipo kalata yachitatu ya Yohane ikudandaula za Diotrefe, wofuna kukhala woyamba, amene ankatulutsa anzake mu mpingo. Kagulu kopanda msungichuma, kopanda mabuku, kopanda wina pamwamba wofunsa mafunso, ndalama zake zimathera m'thumba la mtumiki mosavuta kuposa za tchalitchi chokhala ndi komiti.

Tchalitchi chili ndi ubwino umodzi umene nyumba ya munthu ilibe: si cha munthu. Wosauka amalowa osaodira. Mlendo wofika kumene m'tauni amachiona ali patali. Namondwe Freddy atakokolola nyumba m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, chifukwa m'midzi yambiri ndizo nyumba zokha zazikulu ndi zolimba. Mipingo yokhazikika ndiyo inamanga masukulu ambiri ndi zipatala za mishoni, zimene pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM zikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Ndipo kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, imene inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, inali ndi mphamvu chifukwa inawerengedwa tsiku limodzi m'matchalitchi a Katolika dziko lonse. Timagulu tosalumikizana sitikanatha kuchita zimenezo.

Palinso nkhani ya ulemu, imene munthu wakunja sangaimvetse msanga. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, amene sanaphunzire zomangamanga, ndi manja a amisiri akuda ndi njerwa zowotchera pomwepo. John Chilembwe anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, pa nthawi imene nyumba zake zopemphereramo za udzu zinkatenthedwa pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Kuukira kwa 1915 kutalephera, atsamunda anachiphulitsa. Iwo ankadziwa chimene njerwa zija zinkanena: kuti munthu wakuda angathe kumanga chake n'kukhazikika. Choncho gogo akamasenza ndowa ya madzi kupita koumba njerwa za tchalitchi cha m'mudzi mwawo, tisafulumire kunena kuti akudyeredwa masuku pamutu. Nthawi zambiri akumanga chinthu chimene adzaloze adzukulu ake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kusenzera limodzi kuli ndi chimwemwe chake.

Kusiyana kuli apa: gogo uja wapereka madzi chifukwa ndiwo ali nawo. Mayi wamasiye uja anauzidwa thumba la simenti, mofanana ndi mwini golosale.

Chodabwitsa n'chakuti ku Malawi sitifunika kuitanitsa mpingo wa m'nyumba kuchokera kunja. Tili nawo kale. A CCAP ali ndi milaga, Akatolika ali ndi miphakati, mipingo ina ili ndi timagulu ta m'madera. Maepiskopi a Katolika a m'mayiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana pa misonkhano yawo ya 1973 ndi 1976 kuti timagulu tating'ono ta Akhristu tikhale maziko a moyo wa mpingo, ndipo mmodzi mwa amene analimbikira kwambiri ganizoli anali bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe. Boma la nthawi imeneyo linakayikira timaguluti, ndipo mu 1976 bishopuyo anakakamizika kukhala kunja kwa dziko. Cholinga chinali chakuti anthu oyandikana nyumba awerenge Mawu pamodzi, adziwane mavuto, aonane pa matenda ndi pa maliro, kenaka Lamulungu akakumane ndi anzawo kutchalitchi. Nyumba ndi tchalitchi zinkayenera kuthandizana, chimodzi chikupereka chimene chinzake chilibe.

Ndinaona ndi maso anga mmene izi zimakomera zikayenda bwino. Lachitatu madzulo, anthu 12 m'kabalaza, ana atakhala pamkeka, nsapato zili pakhomo, Baibulo limodzi likuyenda m'manja. Wina akunena kuti mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo mbale ikuzungulira pomwepo. Palibe maikolofoni, ndiye ngakhale wamanyazi amalankhula.

Koma ndinaonanso zimene ife a komiti tinachita ndi milaga imeneyi. Tinaigawira ndalama zoti ipeze mwezi uliwonse. Wapampando wa mlaga anasanduka wotolera ngongole. Msonkhano wa ola limodzi ndi theka, mphindi 20 zinali za Mawu, zotsalazo za amene sanamalize kupereka. Mbale ija imene inkathandiza wa fizi inayamba kupita ku matailosi. Anthu anayamba kuzemba mlaga monga ankazembera zolengeza, ndipo ena anapita ku timipingo tatsopano ta m'makalasi a sukulu, komwe patangopita zaka ziwiri nakonso kunalengezedwa zogula puloti. Malo okhawo amene wosauka ankamvedwa tinawasandutsa ofesi ya chitukuko. Apa ndi pamene ndimaona kuti tinalakwitsa, koposa pa kukula kwa pulani.

Sindikhulupirira kuti yankho ndi kusiya kumanga. Mpingo wa anthu 800 sungapemphere pansi pa mtengo wa mango m'dzinja. Koma pali zinthu zimene komiti iliyonse ingathe kuchita popanda kudikira sinodi kapena dayosizi. Mapemphero awiri kapena atatu pa Lamulungu amachepetsa kukula kwa nyumba yofunika. Kumanga gawo limene mungathe kulifolera chaka chomwecho kumaposa maziko a chimphona amene adzadikira denga zaka khumi. Tchalitchi chimene pakati pa sabata ndi sukulu ya mkaka kapena malo ophunzirira akuluakulu chikubweza thukuta la amene anachimanga. Thumba la osowa liyenera kukhala ndi gawo lake loikika, losabwerekedwa ngakhale mmisiri ataopseza kuti achoka. Ndipo maina a osapereka asawerengedwe pagulu. Amene angathe matumba khumi apereke khumi, amene angathe kutunga madzi alembedwe kuti wapereka.

Zina mwa izi ndinazinena m'komiti, mochedwa. Za maina anavomera. Za kuchotsa zopereka za chitukuko m'milaga anakana, ati ntchito ingaime, ndipo mantha awo ndinawamvetsa chifukwa ngongole ya malata inalipodi. Denga linatha chaka chotsatira. Mayi uja kutchalitchi sanabwererebe. Amapemphera Lachitatu ndi amayi anzake anayi kunyumba kwa mmodzi wa iwo, ndipo mwana wake wamkulu atadwala, ndi amayi amenewo amene anasinthana kukagona naye kuchipatala. Ife a komiti tinamva za matendawo mwanayo atatuluka kale.